Bango la a Mulepa

Pamaliro anthu amanama, ndipo palibe amawagwira pakamwa. Tsiku limene tidaika apongozi anga aamuna, a Jailosi Mulepa, mkulu wina wa mpingo adaimirira n'kunena kuti malemuwa adali munthu wofatsa, wosadziwa kukangana ndi mnzake. Ine ndidaluma nsonga ya chitenje kuti ndisaseke pakati pa anthu olira. Chaka chakwana tsopano chiwaikireni, koma bodza limenelo likundiyabwabe. A Mulepa sadali ofatsa. Adali nkhalamba yaliuma, yoti ikanena kuti uku ndi kumadzulo, ngakhale dzuwa litulukire komweko siibweza mawu. Ndidakhala nawo bwalo limodzi pa Nsaru kuchokera pamene ndidakwatiwa ndi mwana wawo, a Layitoni, mpaka ana anga kumera ndevu. Wofuna kunditsutsa ayambe wabwera kudzaona ziwiya zanga.

Nkhondo yathu idali ya ziwiya zimenezo. Beseni ndikagula lero, mawa ndilipeza patsinde pa mango muli petulo ndi tizitsulo. Lichero langa lidayanikapo manati a injini, ndipo mpeni wanga wa ndiwo udabunthira popala dzimbiri. Tsono mwambo sulola kuti mkazi ayankhane ndi apongozi ake aamuna maso ndi maso, choncho ine ndinkadandaulira nkhuku, mokweza ndithu.

"Inu nkhuku, kodi mwaona beseni langa latsopano? Kapena nalonso lalembedwa ntchito kugalaja?"

Iwo, ali chigonere kunsi kwa lole yawo, miyendo yokha ikuoneka, ankayankha pouza loleyo.

"Namwali, uwauze eni beseni kuti petulo amayeretsa kuposa sopo. M'malo mothokoza akulalata."

Zaka zonsezo tidakangana motero, ine kudzera mwa nkhuku, iwo kudzera mwa Namwali, ndipo palibe adaphwanya mwambo.

Namwali ameneyu idali lole yakalekale ya ku Amereka, yamphuno yaitali, imene azungu a esiteti ina ya fodya cha ku Kabudula adabwera nayo dziko lisadalandire ufulu. A Mulepa adafika pa esitetiyo ali mnyamata kuchokera ku Phalombe, ngati tenanti, ndipo m'kupita kwa zaka adaphunzira kuyendetsa ndi kukonza loleyo. Matipate atangoyamba esiteti idagulitsidwa. Mwini watsopano adapeza lole itagona kuseri kwa zigafa, nkhuku zikuikira m'kabini, ndipo adati wofuna kumuchotsera chinyalalacho achotse. A Mulepa adaikoka ndi ng'ombe mpaka pa Nsaru, anthu akuwaseka njira yonse. Mvula isadagwe idalira.

Inkanyamula mabelo a fodya ndi chimanga, inde, koma imeneyo idali yongopezera petulo. Ntchito yake yeniyeni idali maliro a matenanti. Anthu ochokera ku Phalombe, Mulanje ndi Thyolo akamwalira m'maesiteti, nthawi zambiri ankaikidwa kumphepete kwa munda, chifukwa manda a m'midzi ali ndi eni ake, ndipo mabwana ankati galimoto palibe. A Mulepa ankati munthu si mbewu yoti mukwirire m'munda wa eni. Akangomva kuti wakwawo wamwalira sankadikira kuitanidwa. Ankamanga nthambi kutsogolo kwa lole, n'kukaima pakhomo pa esiteti mpaka thupi alipereke. Ndipo tonse pabanjapo tinkadziwa kuti pali anthu awiri amene Namwali adawasungira ulendo: mkazi wawo, amayi Esitere, ndi iwo eni. Amayiwo adachita kuwalumbiritsa kuti iwo sadzapita kwawo m'bokosi, adzapita akupenya.

Za injini ndidaziphunzira osafuna, monga mmene munthu amaphunzirira nyimbo ya mpingo woyandikana nawo. Injini ya Namwali idali ya mtundu umene sumapangidwanso. Mutu wake, umene amakaniko amati hedi, udali chitsulo chafulati chopanda kanthu m'kati, ndipo mapulagi asanu ndi limodzi adaima pamwamba pake pamzere. Mavalavu sadali mu hedi ngati za masiku ano, adali m'mbali, m'thupi la injini momwemo. A Mulepa ankaikondera zimenezo. Ankati injini yoona mtima ndi imene ungaivundukule pansi pa mtengo ndi sipanala imodzi, osati za lero zofuna kompyuta kuti zinene pamene pakuwawa.

Koma panali msampha. Mainjini amenewa adali a mabanja awiri, aatali ndi aafupi, ndipo pamaso ngofanana ngati mapasa. Kusiyana kwake n'kwa zala zitatu basi. Mapulagi, nthawi zina ndi kabureta yomwe, ankatha kubwerekana, koma hedi, gasiketi ndi chitsulo chotulutsira utsi ayi ndithu, chilichonse ndi banja lake. Padalinso ena a ku Mangalande ofananako nkhope, koma nati yawo siikwera pa bawuti ya ku Amereka ngakhale muipemphere. Manambala amene akadathandiza kusiyanitsa adadyedwa kale ndi dzimbiri. Ya Namwali idali yaitali, ndipo apongozi anga ankanyoza zazifupi poyera. Ankati yaifupi ndi ya tigalimoto tonyamula adona kupita kutchalitchi, osati ya ntchito ya amuna.

M'masitolo a zipangizo ku Lilongwe adasiya kupitako, chifukwa anyamata ogulitsa ankaitanizana kuti adzaone agogo ofuna zinthu za nthawi ya Nowa. Sitolo yawo idali tchire. Mainjini a mtundu umenewu kale ankapopa madzi m'madamu a maesiteti, ankacheka matabwa, ankayendetsa zigayo, ndipo atatha ntchito adangotayidwa pomwepo. A Mulepa ankadziwa pamene iliyonse idagona, kuyambira ku Namitete mpaka ku Kasiya, ndipo ankawatchula kuti abale. Adani awo adali ogula zitsulo zakutha, amene ankawatcha afisi. Tsiku lina cha ku Mpingu adapeza afisiwo akufuna kukweza injini ina m'lole yawo. Adangokwera n'kukhala pamwamba pake, manja ali pachifuwa, n'kuwauza kuti ngati akuyeza pasikelo ayeze ndi iwo omwe. Dzuwa litapendeka anyamata aja adatopa, n'kuwalola kumasula zimene ankafuna.

Bango lidabwera chifukwa cha gasiketi, chopyapyala chija chimene chimagona pakati pa hedi ndi thupi la injini. Amuna anga, amene nthawi imeneyo ankayendetsa minibasi ya munthu wina, adatuma mnzawo wopita ku Joni kuti akawafunire bambo awo gasiketi yatsopano. Idabwera yokongola, yonyezimira m'mphepete, koma itaikidwa pa injini mabowo awiri akumapeto adatsala pabwalo. Idali ya banja lalifupi. A Layitoni adakhumudwa, bambo awo osathokoza n'komwe, ndipo mawa lake nkhalamba idatsikira kudambo n'kudula bango, n'kulilinganiza ndi hedi ya Namwali kuchokera kumutu mpaka kumchira. Tepi yoyezera ankaikana, ati manambala amaiwalika panjira koma bango siliiwala.

Amayi Esitere atangoliona adagwira pakamwa. Kuno kwathu, ngakhalenso kwawo, bango lodula mwa muyeso limayenda ndi adzukulu a pamaliro. Munthu akamwalira amamuyeza ndi bango, ndipo bangolo ndi limene limapita kwa okumba manda ndi kwa okhoma bokosi. Tsono la a Mulepa lidali lalifupi, lotalika ngati mkono, muyeso wa khanda.

"Bambo ake Layitoni, chinthu chimenechi musamayende nacho m'midzi ya eni," adatero amayi. "Dulani chingwe, kapena lipakeni penti."

"Chingwe chimatamuka," adayankha a Mulepa. "Ndipo ine sindipaka penti bango chifukwa cha mantha a anthu ena."

Adalimangirira pa njinga yawo, ndipo lidayenda nawo zaka zambiri popanda chovuta, chifukwa kumene ankapita kudali m'matchire a maesiteti, kopanda anthu ofunsa.

Chaka chimene amayi Esitere adadwala, zonse zidagwera pamodzi. Achipatala adawabweza kuti akapumulire kunyumba, ndipo tonse tidamva tanthauzo lake. Mwezi womwewo hedi ya Namwali idang'ambika pobwera ku maliro ena, madzi n'kulowa mu oyilo mpaka kuyera ngati mkaka. A Mulepa adazungulira abale awo onse aatali, koma ena adali atawamasula kale iwo omwe, ena afisi atadya. A Layitoni adati apempha minibasi kwa abwana awo, mawa lomwe amayi akhale ali ku Phalombe. Odwalawo ndi amene adakana.

"Mkazi mnzangayu wandilanda mwamuna zaka zonsezi," adatero ndi mawu otsika, akuloza lole ndi chibwano. "Ndadya ndekha iye akusisitidwa. Ndiye lero andibereke. Sindikwera china."

Pamenepo ndidakumbukira kuti kwathu, m'mudzi wina kupitirira Nambuma, kuseri kwa chigayo cha mayi wina wamasiye, a Nambewe, kudagona chitsulo cha mapulagi asanu ndi limodzi chimene tinkakwerapo tili ana. Ndidauza nkhuku. A Mulepa adafunsa Namwali chifukwa chimene nkhukuzo zidakhalira chete zaka zonsezi. Tidagwirizana, kudzera mwa a Layitoni, kuti ine nditsogole monga mwana wa m'mudzimo ndikapemphe, iwo abwere mawa lake pa njinga.

Nditafika ndidapeza pakhomo pa a Nambewe pali zii. Mdzukulu wawo, khanda la miyezi yochepa, lidali litatentha thupi, likukomokakomoka, ndipo lidasiya kuyamwa. Amayi a m'mudzimo adadzaza pakhonde, akunong'onezana kuti matenda oterewa sabwera okha. Za injini sindidazitchule n'komwe. Munthu ungayambe bwanji nkhani ya chitsulo pakhomo potero? Foni tidalibe masiku amenewo, choncho ndidalibe njira yowabwezera apongozi anga.

Adafika dzuwa lili pamutu. Adatsamiritsa njinga pamtengo, n'kumasula bango lawo, n'kufunsa ana amene ankasewera panjira kuti kwa a Nambewe ndi kuti. Taganizirani inu: nkhalamba yachilendo, yolankhula Chichewa cha kummwera, maso ofiira ndi fumbi, muyeso wa khanda uli m'manja, ikulunjika nyumba imene muli khanda lodwala. Mayi wina adakuwa. Posakhalitsa bwalo lidadzaza, ndipo kutsogolo kudali Kenesi, malume ake a khandalo, mnyamata wa mapewa ngati ng'ombe yapagoli.

"Madala, mwadzayeza yani kuno?" adafunsa Kenesi.

"Ndadzayeza injini," adatero a Mulepa.

"Injini imayezedwa ndi bango, eti? Mukutiona ngati ana?"

Ine ndidathamanga n'kulowa pakati. "Abale, awa ndi apongozi anga! Ndi amakaniko, ndine ndawaitana!"

"Ndiye wawabweretsa ndiwe, eti?" adatero mayi wina amene adandionapo ndili wamaliseche. "Wafika dzulo, mwana n'kusiya kuyamwa dzulo lomwelo."

Ndidachita mantha amene sindidachitepo. Awa adali anthu akwathu, odziwa dzina langa laubwana, koma nkhope zawo zidali zachilendo. Kenesi adalamula kuti nkhalambayo ithyole bangolo pamaso pa onse, ilitaye pamoto, ichoke. Kunena zoona ine mumtima ndinkawapempha kuti athyole, dambo lili ndi mabango ambiri. Koma ndinkawadziwa.

"Sindithyola," adatero. "Ndikathyola ndavomera kuti ndine mfiti. Ine si mfiti, ndipo bango ili ndi la injini."

Mwala udachokera kumbuyo n'kuwagunda pamwamba pa khutu. Chipewa chidagwa, magazi n'kutsikira m'kolala. Sadatole chipewacho, sadagwirenso pabala. Adangokweza bango lija kuti aliyense alione.

"Ndikudziwa chimene mukuopa," adatero. "Musandiphunzitse ine za bango la mwana. Lotalika chonchi ndinalidulapo kale, ndi manja angawa, chifukwa tenanti alibe adzukulu. Anali mwana wanga woyamba, wamkazi, dzina lake Eneti. Kapitawo anati galimoto palibe. Amfumu a pafupi anati manda awo si a obwera. Tinamuika kumphepete kwa munda, patsinde pa mtengo. Patapita zaka mtengo uja anadula kuti awotchere fodya, n'kuungapo mizere. Ndalima munda umenewo ine, osadziwa ngati khasu langa likudutsa pamutu pa mwana wanga. Lero mayi wake ali gone ku Nsaru, akufuna akafere kwawo, ndipo lole yomutengera yafa. Ndicho ndadzera. Tsono inu mwaunjikana pa nkhalamba, mwanayo ali m'nyumba akupsa. Njinga yanga iyo. Thamangani naye kuchipatala. Ine sindichoka. Akapanda kubwera wamoyo, mudzandipeza pompano."

Zaka zonse zimene ndidakhala pabanja lawo, dzina la Eneti ndidali ndisadalimvepo. Misozi idangotsika yokha, ya chisoni ndi ya ukali pamodzi, chifukwa anthu amene adawagenda adali a mtundu wanga, a midzi yomweyo imene imati manda athu si a obwera.

A Nambewe adatuluka m'nyumba, mayi wamfupi wa imvi. Adayang'ana magazi aja, n'kuyang'ana Kenesi.

"Tenga njingayo, ukweze mlongo wako ndi mwana. Nyamuka pompano," adatero. Kenaka adatembenukira kwa a Mulepa. "Inu bambo, tiyeni mukayeze chimene mwadzera, tione tonse."

Mudzi wonse udatsatira kuseri kwa chigayo. Injini idali itamira m'zitsamba, pamwamba pake pali zitosi za nkhuku. A Mulepa adagwada, adapukuta hedi ndi mkono wa malaya, n'kugoneka bango lija pamwamba mosamala. Mbali imodzi lidalingana bwinobwino. Mbali inayo lidapitirira ndi zala zitatu.

Idali yaifupi. Munthu adapalasa njinga mtunda wonsewo, adagendedwa, adafukula chinsinsi chimene adachikwirira moyo wake wonse, chifukwa cha injini ya banja limene ankalinyoza. Wina kumbuyo adaseka. Ine ndidafuna dziko litseguke, chifukwa amene ndidawauza za chitsulocho ndidali ine. A Mulepa adakhala chigwadire kwa nthawi yaitali. Kenaka adayesa kupukusa injiniyo ndi manja, adanunkhiza oyilo wake, n'kudzuka.

"Mayi, hedi yokha sindingachite nayo kanthu. Ndipatseni yonse."

"Si mwaona nokha kuti ndi yaifupi?" adafunsa a Nambewe.

"Ndi yaifupi. Koma mkazi wanga alibe masiku odikira yaitali."

Padali nkhuku ina imene inkapalasa pafupi, ndipo sindidathe kudziletsa. Ndidaiuza kuti mako ndi mako angachepe mwendo. A Mulepa adagogoda injini ija ndi chala n'kuiuza kuti imuuze mpongozi wawo kuti amva.

A Nambewe adavomera kupereka injiniyo, ndipo a Mulepa adasunga mawu awo. Adakhala kuseri kwa chigayoko osachoka, akuthira palafini m'mabowo a mapulagi kuti mapisitoni amasuke, bala lili lomanga ndi kansalu kanga. Chakudya ndinkawapititsira ndine, chifukwa ena onse ankadutsira patali, akudikira kuti aone za mwana. Ndikanena kuti sindinkaopa ndiye kuti ndanama ngati mkulu wa mpingo uja. Khandalo likadamwalira, sindikudziwa ngati apongozi anga akadatuluka m'mudzimo ndi miyendo yawo. Koma lidabwera likuyamwa. Adali malungo. Kenesi sadapepese ndi pakamwa. Adangomanga ng'ombe zake pangolo, n'kunyamula injini ija yekha mpaka pa Nsaru.

Kuika yaifupi m'malo mwa yaitali si ntchito yamasewera. Kumbuyo idagwirana bwino ndi giyabokosi, koma kutsogolo miyendo yake idalendewera m'malere, ndipo fani idatalikirana ndi radiyeta moti injini ikadawira isadafike ku Chitedze. A Mulepa adaitana wowotcherera kuti asunthe zitsulo zokhalira injini, radiyeta n'kuibweza m'mbuyo pa timatabwa ta mlombwa. Ntchito yonseyo adaigwira akutukwana. Injiniyo ankaitcha Kamfupi, ndipo mpaka imfa yawo sadaiyamikirepo pamaso pa anthu, ngakhale kuti ndidawapezapo akuipukuta ndi mpango wawo wa kutchalitchi.

Amayi Esitere tidawagoneka pa matiresi kumbuyo kwa lole, pansi pa tenti, ine ndili pambali pawo. Pa zitunda za ku Dedza Kamfupi ankakwera ngati munthu wosenza mtolo, moti ana ankatipitirira wapansi akutibayibitsa. A Mulepa ankangomenya chiwongolero n'kumati yaitali ikadakwera pamenepa ikuimba nyimbo. Koma tidafika. Phiri la Michesi litayamba kuoneka, amayi adati ndiwadzutse ndiwatsamiritse. Adaliyang'ana osaphethira, kenaka adamenya thabwa la lole ndi chikhato, n'kunena kuti mkazi mnzanga, takhululukirana. Adakhala masabata angapo m'nyumba ya mng'ono wawo, adadya nandolo ndi kalongonda wa kwawo, n'kumwalira mvula isadayambe.

A Mulepa atatsala okha liuma lidachita kuwonjezeka. Maso adayamba kuchita khungu, koma adayendabe maulendo a maliro mpaka tsiku limene adagwetsa mpanda wa anthu, ndipo a Layitoni adabisa makiyi. Padali mkangano umene anthu adaumvera kumsika. Amuna anga ankati loleyo igulitsidwe isadaphe munthu, ndipo afisi aja adayamba kudutsadutsa pamsewu akuyang'ana m'bwalo mwathu. A Mulepa adatulutsa mpando wawo n'kuukhazika kutsogolo kwa Namwali, ndodo ili pamiyendo. Loweruka lililonse ankapukusa hendulo yolizira loleyo, injini n'kulira, iwo n'kumamvetsera maso ali chitsinzire. Ankati akuionetsetsa chifukwa yatsala ndi ulendo umodzi.

Adamwalira nyengo yozizira, pampando womwewo. Nthawi zidali zitasintha, ndipo amfumu adatumiza mawu kuti malo kumanda alipo, malemuwa adali ngati mbadwa. Ena adati tipeze galimoto yabwino yonyamula maliro. A Layitoni adagwirizana nawo, ati lole imeneyi siingafike ngakhale pa Linthipe, tidzachita manyazi ndi thupi panjira. Tsiku limenelo nkhuku sindidazifune. Ndidalankhula ndekha kwa amuna anga, pamaso pa akuluakulu.

"Bambo a Tadala, munthu uyu adagendedwa kwathu chifukwa cha ulendo wa mayi anu. Wanyamula anthu a eni osawerengeka. Lero mukufuna mum'kweze galimoto ya hayala ngati katundu? Mukatero mupite nokha, ine sindikwera."

Sindikudziwa ngati mawu anga okha akadakwanira. Koma m'mawa mwake matenanti adayamba kufika kuchokera m'maesiteti a ku Kabudula ndi ku Kasiya, ena wapansi, ena pa njinga, aliyense ndi kachigubu ka petulo. Sadatsutsane ndi munthu. Adangothira petuloyo mu thanki ya Namwali, n'kumanga nthambi kutsogolo. A Layitoni adawayang'ana, adavula jekete, n'kugwira hendulo. Injini italira ndidawaona akupukuta maso ndi dzanja la oyilo.

Tidayenda pang'onopang'ono, tikuima kuthira madzi. Kamfupi adakwera Dedza, adatsika Ntcheu, adadutsa Zomba. Michesi ataoneka, mtunda wotsala uli wochepa, m'injini mudamveka kugogoda, kenaka chitsulo chidalira kamodzi, oyilo n'kukhuthukira pamsewu. Mwini galimoto ina yaing'ono adaima, munthu wachifundo, n'kunena kuti tisamutsire bokosi mwa iye. Onse adayang'ana a Layitoni, amene masiku onse ankati loleyi ndi chitsulo chakutha.

"Bokosi silitsika," adatero amuna anga, ndipo mawu ake adali a bambo awo enieni.

Uthenga udathamanga m'midzi. Anthu adabwera ndi zingwe za ng'ombe, ndipo ambiri mwa iwo adali abale a anthu amene a Mulepa adawabweretsa kwawo zaka zonsezo. Amuna adakoka kutsogolo, amayi tidakankha kumbuyo tikuimba, a Layitoni ali pa chiwongolero. Apongozi anga adalowa m'mudzi mwawo ali pa Namwali, monga adanenera.

Adzukulu adadula bango lawo la muyeso wa munthu wamkulu. Lija la injini tidali titabwera nalo. Titatha kuika, a Layitoni adapempha khasu, adakumba kadzenje pakati pa manda a bambo awo ndi a mayi awo, n'kugonekamo bangolo, n'kutchula dzina la Eneti mokweza kuti akumudzi alimve. Namwali adatsala komweko, pansi pa mtengo pakhomo pa mng'ono wawo wa amayi Esitere. Ndamva kuti afisi adafikako kale kukafunsa mtengo, ndipo adawathamangitsa ndi miphini.

Kuno ku Nsaru, patsinde pa mango, padatsala malo akuda a muyeso wa lole, pamene oyilo wa zaka zonsezo adalowa m'nthaka. Mvula yagwa nyengo yathunthu koma udzu wamera mozungulira mokha. Miyala inayi imene ankatsekera matayala ili pomwe idali, ndipo hedi yaitali yong'ambika ija, imene adakana kuitaya, yatsamira tsinde. Nkhuku zimakonda kusamba fumbi pamenepo. Beseni langa masiku ano ndimalipeza pamene ndalisiya, loyera, ndipo zimandinyansa. Nthawi zina ndimalalatirabe nkhuku mokweza, n'kudikira pang'ono.

Mwezi wathawu mnansi wathu wina adati malowo akungowonongeka, tipalepo dothi lakudalo, tithire manyowa, tiungepo mizere ingapo ya mpiru. Adabwera ndi khasu lake lomwe, mwaulemu ndithu, kuti atithandize. Ndidamulandira khasulo, ndidalitsamiritsa kukhoma, n'kumupatsa mpando ndi madzi akumwa. Kenaka ndidamuuza kuti ndili moyo ine, pamenepa sipadzadutsa khasu.